Magulu a mauthenga anga amasintha nthawi iliyonse ndikayendetsa k-means: ndiyambire pati?

Funso: "Ndine wophunzira wa digiri yachiwiri, ndipo ndikufufuza mauthenga a pafoni pafupifupi 9,000 amene alimi adatumiza ku pulogalamu ya zaulimi ya pa wailesi. Ambiri ndi a m'Chichewa, ena osakaniza ndi Chingerezi, ndipo ndi aafupi, mawu 10 mpaka 20. Ndawasandutsa manambala ndi TF-IDF (njira yopatsa liwu lililonse nambala yosonyeza kufunika kwake) mu scikit-learn (phukusi la mapulogalamu a Python), ndipo tebulo latuluka ndi mzere umodzi pa uthenga uliwonse ndi madanga oposa 25,000, danga limodzi pa liwu lililonse. Ndikufuna magulu 15. Vuto ndi lakuti nthawi iliyonse ndikayendetsa KMeans magulu amatuluka osiyana, ndipo kawirikawiri gulu limodzi limameza pafupifupi theka la mauthenga onse pamene magulu ena ali ndi mauthenga atatu kapena anayi okha. Ndidamva kuti k-means++ imathetsa vuto la poyambira, koma ndi yomweyo imene ndikugwiritsa ntchito. Kodi ndalakwitsa pati, nanga pali njira ina yabwino yoyambira?"

Zikomo chifukwa cha funso lanu, limene mwalifotokoza momveka bwino kotero kuti n'zotheka kuloza pamene pali vuto popanda kuona kompyuta yanu. Mtima ukhale m'malo, chifukwa simudalakwitse polemba pulogalamu ndipo mauthenga anu alibe chilema. Zizindikiro ziwiri zimene mwatchulazi, magulu osinthasintha ndi gulu limodzi lalikulu mopitirira muyeso, zimamuonekera pafupifupi aliyense amene amagawa zolemba zazifupi ndi k-means (njira ya pakompyuta yoika zinthu zofanana m'gulu limodzi, imene mu scikit-learn imatchedwa KMeans), kaya zolembazo ndi za Chingerezi, Chifalansa kapena Chichewa. Mwaganizanso molondola kuti nkhani yagona pa poyambira. Mfundo imene ndikufuna kuti muigwiritsitse ndi yakuti pa zolemba zotere uthenga umodzi sungakhale poyambira pabwino pa gulu, ngakhale mutausankha mwaluso chotani, ndipo ntchito ya k-means++ ndi imeneyo basi, kusankha uthenga umodzi pa gulu lililonse.

Tiyambe ndi mmene njirayi imagwirira ntchito. Ndondomeko imene KMeans imatsata ndi ya Stuart Lloyd, amene adaikonza ku Bell Labs mu 1957 ngakhale kuti idasindikizidwa mu 1982. Imayamba ndi malo apakati ofanana chiwerengero ndi magulu amene mukufuna, amene akatswiri amawatcha ma centroid, kenaka imabwereza zinthu ziwiri: kuika uthenga uliwonse ku centroid imene uli nayo pafupi, ndi kusuntha centroid iliyonse kuti ikhale pa avareji ya mauthenga amene agwera kwa iyo. Pa ulendo uliwonse kuwonkhetsa kwa mitunda yonse ya mauthenga ku ma centroid awo, uliwonse wochulukitsidwa ndi iwo wokha, kumene scikit-learn imakutcha inertia, kumatsika kapena kukhala chimodzimodzi, ndipo ikafika poti palibe uthenga wosintha gulu, ndondomekoyo imaima. Ilibe njira yobwerera m'mbuyo kuti ikayese kwina, choncho imaima pamalo oyamba pamene yalephera kupitirira, ndipo malo amenewo amadalira kumene idayambira. Tiyerekeze kuti mauthenga anu alidi m'mitu 15 yofanana kukula ndipo mwasankha mauthenga 15 mwa maere. Mwayi woti mutu uliwonse upeze uthenga wake umodzi ndi pafupifupi katatu pa miliyoni imodzi. Nthawi zina zonsezo mitu ina imalandira ma centroid awiri kapena atatu, ina osalandira ngakhale imodzi.

David Arthur ndi Sergei Vassilvitskii adabweretsa k-means++ mu 2007 pofuna kuchepetsa vuto limeneli. Centroid yoyamba imasankhidwa mwa maere, ndipo iliyonse yotsatira imasankhidwanso mwa maere koma mokondera: mwayi wa uthenga umakula molingana ndi mtunda wake, wochulukitsidwa ndi iwo wokha, kuchokera ku centroid yapafupi mwa zimene zasankhidwa kale. Zinthu zakutali zimakhala ndi mwayi waukulu, motero ma centroid amamwazikana. Pa deta ya madanga ochepa njirayi imagwira ntchito bwino kwambiri, chifukwa mtunda wa pakati pa magulu ukhoza kuposa wa mkati mwa gulu kakhumi, ndipo ukachulukitsidwa ndi iwo wokha kusiyanako kumafika ka 100.

Tsopano taonani tebulo lanu. TfidfVectorizer, chida cha scikit-learn chopangira TF-IDF, imakonza mzere uliwonse kuti ukhale wa utali 1, ndipo pa mizere yotere mtunda wochulukitsidwa uja umapezeka pochotsa cosine kawiri pa 2 (cosine ndi muyeso wa kufanana kwa mizere iwiri, kuyambira 0 ngati palibe chofanana mpaka 1 ngati ikufanana ndendende). Uthenga wa mawu 15 uli ndi manambala 15 okha m'madanga 25,000, ena onse ndi ziro. Mauthenga awiri opanda liwu lofanana ali ndi cosine ya 0, ndiye kuti mtunda wawo ndi 2. Mauthenga awiri onena za chitopa, amene akumana pa liwu limodzi lokha, mwina cosine yawo ndi 0.1, ndiye kuti mtunda wawo ndi 1.8. K-means++ ikamakondera zakutali ikusiyanitsa 1.8 ndi 2.0, ndipo kusankha koteroko sikusiyana kwenikweni ndi maere wamba. Kukondera kochepa kumene kwatsalako kumagwera mauthenga osafanana ndi china chilichonse, monga olembedwa ndi masipelo achilendo kapena osakhudza ulimi n'komwe, ndipo amenewa ndiwo osayenera konse kukhala poyambira. Kufanana kwa mitunda m'madanga ochuluka kudafotokozedwa bwino ndi Kevin Beyer ndi anzake mu 1999, ndipo zolemba zazifupi zili m'gulu la deta imene vutoli limaikhudza kwambiri.

Mwina mudawerenganso kuti k-means++ ili ndi chitsimikizo cha masamu. Chilipodi, ndipo chimanena kuti pa avareji inertia ya poyambira singapose inertia yabwino koposa kuchulukitsa ndi 8(ln k + 2), k akuimira chiwerengero cha magulu, zimene pa magulu 15 ndi pafupifupi ka 38. Koma gawani inertia yanu ndi chiwerengero cha mauthenga. Pa zolemba zotere yankho limakhala pafupi ndi 1, kaya magulu ndi abwino kapena oipa, ndipo kugawa kulikonse kumene mungachite kuli kale mkati mwa malire a 38 amenewo. Chitsimikizocho ndi choona, koma pa deta yanu sichikukulonjezani kanthu.

Nkhani ya gulu lalikulu ija imayamba pa ulendo woyamba weniweni. Ma centroid 15 oyamba ndi mauthenga 15, ndipo onse pamodzi ali ndi mawu osaposa 300. Mauthenga ambiri mwa 9,000 aja sakumana nawo pa liwu lofunika, choncho amagawidwa potengera timawu monga "kodi", "ndi" kapena "kuti", pamene ena alibe chofanana chilichonse ndipo mtunda wawo ku ma centroid onse ndi umodzimodzi, kotero amangogwera kumene kompyuta yawaponya. Avareji ikawerengedwa pamachitika chinthu china chimene anthu ambiri sachizindikira. Centroid ya gulu la mauthenga ambiri osiyanasiyana imakhala yaifupi, pafupi ndi ziro, chifukwa liwu lililonse limagawidwa ndi chiwerengero chachikulu, pamene centroid ya kagulu ka mauthenga atatu imakhala yaitali. KMeans ya scikit-learn imayeza mtunda wamba wa Euclid ndipo sibwezera ma centroid ku utali 1. Motero uthenga umene sukufanana ndi gulu lililonse umapezeka kuti uli pafupi ndi centroid yaifupiyo: kumeneko mtunda wake ndi pafupifupi 1, ku kagulu ka mauthenga atatu osafanana ndi pafupifupi 1.3, ndipo ku centroid ya uthenga umodzi ndi 2. Gulu lalikulu limanka likulirakulira, timagulu tating'ono n'kutsala momwemo. Ichi n'chifukwa chake Inderjit Dhillon ndi Dharmendra Modha, m'kafukufuku wawo wa 2001 wa zolemba, adagwiritsa ntchito spherical k-means, imene imayeza kufanana ndi cosine ndi kubwezera centroid iliyonse ku utali 1 ikatha kuwerengedwa.

Pali vuto linanso limene limakhudza magulu aang'ono, ndipo ndikulitchula chifukwa likusonyeza mmene poyambira pamamangirira zotsatira. Uthenga uli m'gulu umathandiza nawo kupanga centroid ya gululo, ndiye umafanana nayo pang'ono chifukwa choti iwo wokha uli momwemo. Tengani gulu la mauthenga 20, ndipo uthenga wina uli m'menemo molakwika, cosine yake ndi anzake 19 ndi 0.02 pa avareji. Kufanana kwake ndi centroid ndi 1 kuwonjezera 0.38, kugawa ndi 20, zimene ndi 0.069. Gulu limene ukuyenera kukhalamo ukufanana nalo 0.05, kuposa kawiri mmene ukufananira ndi anzake a pamene uli, koma 0.05 ndi yochepa kuyerekeza ndi 0.069, ndiye susuntha. Dhillon, Yuqiang Guan ndi Jacob Kogan adalemba za kukanirira kotereku mu 2002, ndipo mankhwala ake ndi kuyesa kusuntha uthenga umodziumodzi n'kuona ngati kugawa konse kwakhala bwino, monga imachitira njira ya Hartigan ndi Wong ya 1979, imene kmeans ya R (pulogalamu ina ya masamu a chiwerengero) imagwiritsa ntchito ngati simunasankhe ina. Pa magulu a mauthenga 600 vutoli ndi lochepa, koma mukadzafuna magulu 100 kapena 200 lidzakula.

Chichewa chimakulitsa zonsezi, ndipo apa ndi pamene ntchito yanu ikusiyana ndi zitsanzo za m'mabuku. Mneni mmodzi amatuluka m'maonekedwe ambirimbiri: ndagula, tinagula, sindinagule, ndikagule, adzandigulire. Kwa TF-IDF amenewa ndi mawu asanu osagwirizana, lililonse ndi danga lake. Onjezerani kalembedwe ka pafoni, kumene feteleza amalembedwa fetereza, fetiliza kapena m'Chingerezi, ndipo m'munda amalembedwa mmunda kapena mumunda, ndiye mupeza kuti alimi awiri ofunsa funso limodzi ndendende akhoza kukhala ndi cosine ya 0. Ngati mungawerenge mawu amene apezeka kamodzi kokha m'mauthenga onse, ndikukhulupirira kuti mupeza kuti ndiwo gawo lalikulu la madanga anu 25,000. Mawu otere salumikiza uthenga ndi unzake, koma amalandira IDF (kulemera kumene TF-IDF imapatsa mawu osowa) yaikulu koposa ndipo amatenga gawo lalikulu la utali wa mzere, n'kuchepetsa mphamvu ya mawu amene akadathandiza.

Musanasinthe china chilichonse, onani mtundu wa scikit-learn umene muli nawo. Kale KMeans inkayamba ka 10 n'kusunga zotsatira za inertia yotsikitsitsa, koma kuyambira mtundu wa 1.4 n_init, imene imanena kuti iyambe kangati, imakhala pa auto, ndipo ndi k-means++ zimenezi zikutanthauza kuyamba kamodzi kokha. Ikani n_init pa 20 kapena 50, popeza pa mauthenga 9,000 nthawi yake si yodetsa nkhawa. Kuika random_state, nambala imene imakhazikitsa maere, kudzachititsa kuti magulu azituluka ofanana nthawi zonse, ndipo n'koyenera kuti wina athe kubwereza ntchito yanu, koma dziwani kuti kumangobisa kusinthasinthako. Ndaona malipoti angapo amene wolemba adaika random_state, magulu n'kuoneka okhazikika, iye n'kulemba mitu yathunthu yomasulira magulu amene akadasowa akadangosintha nambala imodziyo.

Tsopano tibwere ku zochita. Malangizo anga oyamba ndi akuti mukonze malo amene mukuyezeramo mitunda musanafune njira yatsopano yoyambira, chifukwa njira iliyonse imadalira kuti mitunda ikhale ndi tanthauzo. Chotsani mauthenga obwerezedwa, manambala a foni ndi malonje. Lembani nokha mndandanda wa timawu ta Chichewa tosanyamula mutu wa nkhani, popeza mndandanda umene uli mu scikit-learn ndi wa Chingerezi chokha. Ikani min_df pa 3 kapena 5 kuti mawu osowa achoke, ndipo mukatero fufuzani mizere imene yatsala ndi ziro yekhayekha n'kuiika padera, chifukwa ikatsala imasokoneza kugawa. Pa Chichewa ndimakonda kugwiritsa ntchito zidutswa za mawu, analyzer ya char_wb ndi zilembo 3 mpaka 5, chifukwa ndagula ndi sindinagule zimakumana pa "gul", ndipo feteleza ndi fetereza zimakumana pa "fete" ndi "eza". Madanga amachuluka kuposa kale, koma mauthenga amakhala ndi zofanana zambiri, ndipo chimenecho ndicho tikufuna. Chenjezo lake n'lakuti zidutswa monga "ndik" ndi "ndin" zimapezeka paliponse, choncho ikaninso max_df kuti zofala kwambiri zichoke.

Mukatero chepetsani madanga ndi TruncatedSVD, imene pa zolemba imadziwika ndi dzina la LSA kuchokera pa ntchito ya Scott Deerwester, Susan Dumais ndi anzawo ya 1990. Yambani ndi madanga 100, ndipo musaiwale kubwezera mizere ku utali 1 ndi Normalizer, chifukwa SVD imasintha utali wake. Chimene LSA imachita n'kuphatikiza mawu amene amayendera limodzi, kotero kuti uthenga wonena kuti nkhuku zikufa ndi wina wofunsa za katemera wa chitopa amayandikana ngakhale sakumana pa liwu lililonse. M'malo atsopanowa ma cosine amatambasuka, mitunda imasiyana mooneka, ndipo k-means++ imayambanso kugwira ntchito imene idapangidwira. Pa ntchito zambiri zimene ndagwirapo, kusintha kumeneku kokha kumathetsa gulu lalikulu lija. Kuopsa kwake n'kwakuti mitu yaing'ono ikhoza kufufutika ngati madanga achepa kwambiri, choncho yesaninso 50 ndi 200 muone ngati magulu akuluakulu akutsala m'malo mwake. Magulu mukawapeza, werengani avareji ya gulu lililonse m'tebulo loyamba la TF-IDF. Mudzaona mawu otsogola a gulu lililonse, ndiponso ma centroid amenewo mukhoza kuwapereka ku init, pamene KMeans imalandirira poyambira, ngati mukufuna kumalizira kugawa m'madanga onse. Scikit-learn ilibe spherical k-means, koma kuilemba nokha ndi mizere yochepa, ndipo mu R muli phukusi la skmeans.

Njira zoyambira zimene zidapangidwira zolemba zonse zimagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti centroid yoyamba ikhale avareji ya mauthenga angapo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo uthenga wa mawu 15 sungaimire mutu wa nkhani umene alimi amaufotokoza ndi mawu mazanamazana. Yakale mwa njirazi ndi Buckshot, imene Douglass Cutting, David Karger, Jan Pedersen ndi John Tukey adafotokoza mu 1992 ku Xerox PARC. Mumatenga mwa maere kagawo ka mauthenga, n'kuwaphatikiza pang'onopang'ono kuyambira awiri ofanana kwambiri mpaka atatsala magulu 15, ndipo ma avareji a magulu amenewo ndiwo poyambira. Iwo adati kagawoko kakhale square root ya chiwerengero cha magulu chitachulukitsidwa ndi chiwerengero cha mauthenga, zimene kwa inu ndi mauthenga 367, ndipo adasankha kukula kumeneku chifukwa kuphatikiza kotere kumadya nthawi kwambiri zolemba zikachuluka. Makompyuta a lero sali ngati a 1992, choncho musadzimane. Mutu umene uli ndi mauthenga 45 mwa 9,000 ungapeze awiri okha m'kagawo ka 367, ndipo ukhoza kusowa osadziwika. Tengani 2,000 kapena 3,000, chitirani m'madanga a LSA, ndipo dulani pa magulu oposa 15 kuti mutaye timagulu ta uthenga umodzi kapena iwiri timene njirayi imakonda kusiya.

Paul Bradley ndi Usama Fayyad a ku Microsoft Research adapereka njira yofanana nayo mu 1998: kuyendetsa k-means pa tizigawo tating'ono tambiri, kusonkhanitsa ma centroid onse amene atuluka, n'kugawanso ma centroid amenewo kuti papezeke poyambira. Ndi yosavuta kulemba ndipo imachepetsa mphamvu ya mauthenga achilendo, chifukwa uthenga wachilendo supezeka m'tizigawo tambiri.

Njira imene ndimaidalira kwambiri pa zolemba ndi yogawa pawiripawiri, bisecting k-means, imene Michael Steinbach, George Karypis ndi Vipin Kumar a ku yunivesite ya Minnesota adaiyesa pa zolemba mu 2000 n'kupeza kuti imachita bwino. Mumayamba ndi gulu limodzi la mauthenga onse, kuligawa pawiri, kusankha gulu limodzi mwa amene alipo n'kuligawanso pawiri, mpaka magulu akwane 15. Ubwino wake uli pa masamu aja a mwayi: pogawa pawiri, mwayi woti poyambira pagwere mbali zonse ziwiri ndi theka, osati katatu pa miliyoni, ndipo mukayesa kangapo pa kugawa kulikonse mumapeza kugawa kwabwino. Mukasankha kuti nthawi zonse muzigawa gulu lalikulu koposa, gulu lomeza theka la mauthenga kawirikawiri silikhalapo. Scikit-learn ili nayo ndi dzina la BisectingKMeans kuyambira mtundu wa 1.1. Chofooka chake n'chakuti uthenga ukapita mbali yolakwika pa kugawa koyamba subwereranso, choncho ine ndimatenga ma centroid ake n'kuwapereka ku k-means wamba kuti amalize. Palinso PDDP ya Daniel Boley ya 1998, imene imagawa pawiri potsata mbali imene mauthenga atambasukira kwambiri ndipo ilibe maere konse, motero imatulutsa zofanana nthawi zonse. Kumbukirani kuti njira yopanda maere imakhala yokhazikika ngakhale pamene yalakwitsa.

Pali njira ina imene ophunzira ambiri amaipewa poganiza kuti ndi kubera, koma ine ndimaiona ngati yoyenera kwambiri pa ntchito ngati yanuyi. Inu mukudziwa kale ina mwa mitu imene alimi amafunsa, ndipo mlangizi wa zaulimi kapena wokonza pulogalamuyo akuidziwa bwino koposa: ntchemberezandonda, anankafumbwe, mtengo wa feteleza, msika wa soya, matenda a ziweto, kuchedwa kwa mvula. Sankhani ndi manja mauthenga 15 kapena 20 pa mutu uliwonse, ndipo avareji yawo ikhale poyambira. Sugato Basu, Arindam Banerjee ndi Raymond Mooney adaonetsa mu 2002 kuti zitsanzo zochepa zotere zimawongola kugawa kwa zolemba. Kuopsa kwake n'kwakuti mudzangopeza zimene mumazidziwa kale, pamene cholinga chogawa m'magulu nthawi zambiri ndi kupeza zimene simumaziyembekezera. Choncho ngati mukudziwa mitu 10, siyani ma centroid 5 kuti achokere m'mauthenga amene sakufanana ndi mitu 10 imeneyo, ndipo mu lipoti lanu mulembe poyera kuti mudayamba ndi zitsanzo zosankha nokha.

Njira ziwiri musatayirepo nthawi. Yosankha uthenga wakutali koposa nthawi zonse, imene imachokera pa ntchito ya Teofilo Gonzalez ya 1985, pa zolemba imangotola mauthenga achilendo motsatizana. K-means|| ya Bahman Bahmani ndi anzake ya 2012, imene ili mu Apache Spark, idapangidwa kuti k-means++ ifulumire pa deta yaikulu yogawidwa m'makompyuta ambiri, ndipo vuto lanu si liwiro.

Anzanu ena adzakuuzani kuti musiye TF-IDF mugwiritse ntchito ma embedding, manambala oimira tanthauzo la uthenga ochokera ku zipangizo zimene zidaphunzira pa zolemba zambiri. Ndi malangizo oyenera kuyesa. LaBSE ya Google imatchula Chinyanja pakati pa zilankhulo zake 109 ndipo imasandutsa uthenga uliwonse manambala 768 opanda ziro wochuluka, kotero vuto la cosine ya 0 limatha ndipo k-means++ imapeza pogwira. Koma zolemba za Chichewa zimene zipangizo zotere zidaphunzirapo ndi zochepa poyerekeza ndi za Chingerezi, ndipo kalembedwe ka pafoni ndi kosiyana ndi ka m'mabuku. Yang'anitsitsani ngati magulu sakugawika potengera chilankhulo, malonje kapena utali wa uthenga m'malo mwa mutu wa nkhani, chifukwa zimenezi zimachitika ndipo manambala okha sangakuuzeni.

Funso lotsala ndi lakuti mudzadziwa bwanji kuti njira ina yaposa inzake. Inertia ndi yothandiza pokhapokha mukuyerekeza zotsatira za m'madanga amodzimodzi ndi chiwerengero chimodzimodzi cha magulu, ndipo simungayerekeze inertia ya TF-IDF ndi ya LSA. Yendetsani njira iliyonse ka 20 ndi random_state yosiyanasiyana, n'kuyeza kugwirizana kwa zotsatira ziwiriziwiri ndi adjusted Rand index ya Lawrence Hubert ndi Phipps Arabie ya 1985, imene imakhala pafupi ndi 0 ngati kugwirizanako ndi kwa mwayi chabe ndipo imakhala 1 ngati magulu ndi amodzimodzi. Kawirikawiri mudzapeza kuti magulu ena amabwera nthawi zonse pamene ena amasungunuka, ndipo amene amabwera nthawi zonsewo ndiwo mungawalembe molimba mtima. Kuwonjezera apo, patulani mauthenga 300 mwa maere, muwalembe mitu ndi manja musanaone zotsatira za kompyuta, ndipo muziyeza njira iliyonse pa iwo. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, koma ndi yokhayo imene ingakuuzeni ngati magulu okhazikikawo ali ndi tanthauzo pa ulimi. Gulu lililonse muliwerenge ndithu, mauthenga a pafupi ndi centroid komanso ena otengedwa mwa maere, chifukwa a pafupi ndi centroid nthawi zonse amaoneka ogwirizana kuposa gulu lonse.

Ndikadakhala pamalo panu ndikadayamba ndi kuyeretsa mauthenga, zidutswa za mawu, LSA ya madanga 100 ndi k-means++ ya n_init 50, kenaka ndikadayerekeza zotsatira zake ndi za bisecting k-means yomalizidwa ndi k-means wamba. Ngati njira ziwirizi zikugwirizana pa magulu ambiri, nkhani ya poyambira yatha ndipo mukhoza kupitiriza ndi kumasulira.

Ngati mwachita zonsezi koma magulu akusinthabe kwambiri, vuto silikhalanso la poyambira, ndipo imeneyo ndi nthawi yokaonana ndi amene akuyang'anira kafukufuku wanu kapena katswiri wa masamu a chiwerengero. Mwina mauthenga anu alibe magulu 15 olekana, mwina ali ndi 7 okha, kapena mwina alimi ambiri amafunsa zinthu ziwiri mu uthenga umodzi, monga mtengo wa mbewu ndi nthawi yobzala, ndipo zikatero njira yolola uthenga kukhala m'mitu ingapo, monga NMF, ingakhale yoyenera kuposa k-means. NMF nayonso imadalira poyambira, ndipo njira ya NNDSVD ya Christos Boutsidis ndi Efstratios Gallopoulos ya 2008 ili kale mu scikit-learn. Ngati kusiyana kwa masipelo ndi maonekedwe a aneni kukupitirira kusokoneza, katswiri wa chilankhulo angakuthandizeni kulemba malamulo ochepa ochotsera aphatikiram'mbuyo ofala, ndipo ntchito imeneyo musaichite nokha mongoganizira, chifukwa kudula molakwika kumaphatikiza mawu osagwirizana ndiponso kumafufuta kukana, ndagula n'kufanana ndi sindinagule pamene kusiyanako kungakhale kofunika pa funso lanu. Ndipo ngati zotsatira zanu zidzagwiritsidwa ntchito posankha nkhani zoulutsa kapena thandizo lopita kwa alimi, mlangizi wa zaulimi awerenge magulu onse musanawapatse mayina. Popita kwa aliyense mwa anthu amenewa tengani kukula kwa gulu lililonse, mawu 15 otsogola a gulu lililonse, zotsatira za adjusted Rand index ndi mauthenga 300 aja, mutachotsamo mayina ndi manambala a foni a alimi.